Za sea moss ndi mimba ya bambo a kunyumba

Amake Tiyamike, mwafunsa ngati sea moss amene akugulitsidwa pa Facebook angachize bambo a kunyumba, amene atha miyezi itatu akutsegula m'mimba, nthawi zina ndi magazi. Pepani ndi matenda, koma ndalamayo isungeni kaye.

Sea moss ndi mtundu wa ndere za m'nyanja ya mchere, ndipo nderezi sindikuzinyoza ayi. Mukaziviika m'madzi usiku, mmawa zimakhala zitafufuma n'kumanandanda ngati delele, ndipo nkhani yonse yagona pa kunandako. Mwa ndere zabulawuni muli zinthu zotchedwa fucoidan ndi alginate, mwa zofiira muli agar ndi carrageenan. Mimba yathu payokha siigaya zinthu zimenezi. Zimatsika mpaka m'matumbo aakulu, kumene mabakiteriya ena amazidya n'kutulutsa timaasidi, monga butyrate, todyetsa khungu la m'kati mwa matumbo. Alginate yemweyo ndi amene ali mu Gaviscon, mankhwala a chilungulira aja.

Koma ogulitsa sakuuzani kuti kafukufuku wambiri wosonyeza kuti fucoidan amachepetsa kutupa kwa matumbo anachitika pa mbewa. Komanso si mimba iliyonse ili ndi mabakiteriya odziwa kugaya ndere. Mu 2010 asayansi anapeza kuti mabakiteriya a m'matumbo mwa anthu ena a ku Japan anatengera lusoli kwa mabakiteriya a m'nyanja, poti kumeneko ndere ndi ndiwo kuyambira kalekale. Nanga ife a muno mu Lusaka, amene kapenta wathu amachokera ku Kariba ndi ku Mpulungu, m'madzi opanda mchere?

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti sea moss ndi ndere yofiira, yodzaza carrageenan. Carrageenan wosweka tizidutswa ndi amene asayansi amapatsa nyama akafuna kuti matumbo ake atupe. Wa m'zakudya ndi wololedwa, inde, koma munthu amene akuchita kale magazi sindingamumwetse. Mu sea moss muli ayodini wambirinso, amene akachuluka amasokoneza chithokomiro.

Magazi m'chimbudzi kwa miyezi itatu akhoza kukhala kamwazi, likodzo la m'matumbo, TB ya m'mimba, ulcerative colitis (kutupa ndi zilonda za m'matumbo aakulu), ngakhale khansa. Chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Mawa lomweli apite ku kiliniki akayezetse chimbudzi ndi magazi. Zikapanda kuoneka bwino, apemphe kalata yopita ku chipatala chachikulu cha UTH, kumene amaunika m'matumbo ndi kakamera. Muwaperekeze, chifukwa azibambo akafika pamaso pa dokotala amangoti "ndi pang'ono chabe."

Akadzayamba kupeza bwino, chakudya cha mabakiteriya aja chili mbwee pa Soweto Market: nyemba, kandolo, delele, chibwabwa, mabuyu, ndi ufa wa mgaiwa m'malo mwa woyera. Ayambe pang'onopang'ono, pakuti mimba ikadali ndi zilonda, nyemba zimatupitsa. Mudzatiuze zimene adokotala apeze.