Kumukulunga ndi kufuna kwanu, koma agone chagada

Achemwali, tikuthokoza kuti munachira bwino. Ndaona funso lanu: mwana ali ndi masabata atatu, mukamugoneka osamukulunga amadzidzimuka n'kuyamba kulira, ndiye mukufuna kudziwa ngati kumukulunga m'nsalu kuli bwino. Mwatinso apongozi akuti muzimugoneka chafufumimba kuti asatsamwe ndi mkaka, pomwe ena muno akuti cham'mbali. Ine ndine mayi wa ana atatu chabe, koma nkhaniyi ndinaifunsa kwa anamwino ndi kuiwerenga ndithu nditachita mantha usiku wina, ndifotokoza m'munsimu.

Ndiyambe ndi kagonedwe, chifukwa apa ndiye palibe zokambirana. Mwana agone chagada. Usiku, masana, ngakhale katulo ka mphindi khumi mukuphika, mpaka akwanitse chaka. Cham'mbali ayi. Khanda silikhazikika cham'mbali, likangotakasuka pang'ono lagwa kale chafufumimba, ndipo mukati mulitchinge ndi pilo kapena thaulo lopindapinda, ndiye mwaika pafupi ndi mphuno zake chinthu choti chilibanikitse.

Apongozi anuwo musawaone ngati akusocheretsani dala. Nthawi yomwe iwo ankabereka, ngakhale madokotala m'mayiko ambiri ankaphunzitsa zomwezo. Zinasintha atazindikira kuti ana ogonekedwa chafufumimba ndi amene ankapezeka kwambiri atamwalira kutulo popanda matenda odziwika, imfa imene azachipatala amaitcha SIDS. Ku Britain anayamba kulengeza zogoneka ana chagada mu 1991. Ku America bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linaletsa chafufumimba mu 1992, ndipo mu 1994 kunayamba kampeni ya Back to Sleep yolimbikitsa kugoneka ana chagada. M'mayiko onse awiriwa imfa zoterezi zinatsika kuposa theka. Imfayi imakonda ana a miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo zambiri zimachitika mwana asanakwanitse miyezi 6. Wanuyo ndiye akulowa kumene m'nyengo imeneyi.

Za kutsamwazo ndikuzimvetsa, inenso ndinkaopa. Koma tagwirani pakhosi panu. Cholimba chomwe mukuchimva kutsogoloko ndi njira ya mpweya, njira ya chakudya ili kuseri kwake. Mwana akagona chagada, ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi. Mkaka ukabwerera umatsikiranso komwe wachokera, mwana n'kuumeza kapena kuukhosomola. Mukamufufumika ndiye mwatembenuza zonse, njira ya mpweya ili pansi tsopano, pomwe mkaka ungatsetserekere mosavuta. Kuwonjezera apo nkhope imalowa m'matiresi, mwana amapumanso mpweya womwe watulutsa yekha, thupi limatentha, ndipo amagona tulo tofa nato. Anthu amayamikira kuti mwana wogona chafufumimba savutitsa usiku. Zoona, koma vuto lake ndi lomwelo. Khanda liyenera kudzuka msanga mpweya ukalichepera. Mwana wodzukadzuka amatopetsa, koma ndi mmene anayenera kukhalira.

Tsono za kukulunga. Kudzidzimuka komwe mukukuonako, manja kutambasuka ngati akugwa, si matenda, ana onse amabadwa nako ndipo kumatha kokha pofika miyezi inayi mpaka 6. Nsalu imangogwira timanjato kuti tisamudzutse. Sikuti imamuteteza ku SIDS, ndiye amene sakulunga ana awo sakulakwitsa chilichonse. Woyamba wanga ankaikana, ankalimbana nayo mpaka kufiira nkhope, ndinangoisiya. Enawo ankati ndikangomaliza kukulunga, zii, agona.

Ngati mukukulunga, tengani nsalu yopyapyala ya thonje, osati bulangete. Iyaleni ngodya imodzi iloze kumwamba, ngodyayo muipindire mkati pang'ono. Mugonekeni mapewa ali pampindirowo, khosi ndi mutu zili kunja. Tengani mbali imodzi, idutse pachifuwa, muilowetse kunsi kwa msana, mbali inayo chimodzimodzi. Mukatha lowetsani zala ziwiri kapena zitatu pakati pa nsalu ndi chifuwa chake. Zikakana kulowa mwathinitsa, masulani. Ikakhalanso yolendewera ndiye imavuka usiku n'kumuphimba kumaso, choncho ikhale yogwira koma chifuwa chizikwera ndi kutsika bwinobwino.

Kumiyendo ndi komwe ambiri timalakwitsa. Timakonda kuiwongola n'kuimanga pamodzi ngati mtolo wa nkhuni, ati akule ndi miyendo yowongoka. Musatero. Mfundo za m'chiuno mwa khanda zimakhala zisanakhwime, ndipo mukamapanikiza miyendo itawongoka, mutu wa fupa la ntchafu ukhoza kuchoka m'malo mwake, mwana n'kudzayenda motsimphina. Ku Japan vutoli linali lofala, ndipo linachepa kwambiri m'zaka za m'ma 1970 makolo ataphunzitsidwa kusiya kumanga ana miyendo itawongoka. Kuchokera m'chiuno kupita mmunsi nsalu ikhale yotakasuka, miyendo ipindike ndi kutanyula ngati ya chule, azitha kupalasa.

Chinanso ndi kutentha. Ife amayi tikagwira timanja tozizira timathamangira bulangete lachiwiri. Manja ndi mapazi a khanda amakhala ozizirirapo ngakhale mwiniwake ali bwinobwino. Gwirani pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi. Mukapeza thukuta, tsitsi lanyowa kapena akupuma mothamanga, muvuleni chimodzi. Nsalu yokulungirayo muiwerengere ngati chovala, kukatentha thewera ndi nsaluyo basi zakwana. Chipewa m'nyumba pogona ayi, pokhapokha akuchipatala atakuuzani chifukwa choti mwana anabadwa masiku asanakwane kapena wochepa thupi. Ndipo thupi likatentha kufika 38 °C mwana asanakwanitse miyezi itatu, musamukulunge n'kudikira kuche, pitani naye kuchipatala.

Usiku womwe ndatchula uja unali wa mwana wanga wachiwiri. Anali asanakwanitse n'komwe miyezi itatu, ine ndikuganiza kuti kutembenuka kukadali kutali. Ndinamukulunga mwa masiku onse, ndinamugoneka chagada, ine n'kugona. Chomwe chinandidzutsa si kulira, koma kakubuula kotsika ngati kamwana ka mphaka kali m'thumba. Kuyatsa nyali, ndikupeza ali chafufumimba, nkhope yonse m'matiresi, manja ali omangidwa m'nsalu, alibe chodzikankhira nacho. Ndinamunyamula manja akunjenjemera, kumaso atafiira, ndipo atalira mokweza inenso ndinalira. Dzulo lakelo ndinamuona akudzipotokola, mwendo wina akuuponyera mbali inayo, ndinangoseka kuti mwanayu ndi wamphamvu. Chimenechotu chinali chizindikiro. Ndiye inu musawerenge miyezi, muziona mwana. Tsiku lomwe mwaona akuyesera kutembenuka, kukulunga kwatha tsiku lomwelo. Ambiri amayamba pa miyezi itatu kapena inayi, ena pa iwiri. Mwana wokulungidwa amene ali chafufumimba ali pangozi yaikulu kuposa wosakulungidwa. Masiku awiri atatu oyamba adzavuta, kenako azolowera. Mukapeza kathumba kogonamo ana kokhala ndi mabowo otulutsira manja, kamathandiza, bola kasakhale kaja amaikamo zolemera. Akadzafika potembenuka yekha mbali zonse ziwiri, inu muzimugoneka chagada poyamba, akatembenuka yekha musamavutike kumubweza usiku wonse.

Pogona pake pakhale polimba, pafulati, popanda pilo, zidole kapena bulangete lotayirira. Ngati mukumufunditsa, mapazi afike kumapeto kwa kabedi, chofundacho chilekeze m'khwapa ndipo muchilowetse kunsi kwa matiresi. Chabwino koposa n'choti agone pakepake koma m'chipinda chanu, kwa miyezi 6 yoyamba. Ndikudziwa kuti ambiri timagona nawo pabedi limodzi, tisanamizane. Koma musayerekeze ngati inu kapena bambo ake amasuta, mwamwa mowa kapena mankhwala ogonetsa, kapena ngati mwana anabadwa masiku asanakwane kapena wosafika makilogalamu 2.5. Ndipo pasofa ndiye ayi ndithu. Pamenepo mwana amatsetserekera pakati pa inu ndi khushoni. Mukamva tulo tikubwera mukuyamwitsa pampando, dzukani mukamugoneke.

Poyamwitsa mumasuleni. Wa masabata atatu amayamwa ka 8 mpaka 12 pa maola 24, ndipo akakulungidwa simungaone akuyamwa tizala, chomwe ndi chimodzi mwa zizindikiro zoyambirira za njala. Kuyamwitsako pakokha kumachepetsanso ngozi ya SIDS.

Apongozi mwina anenanso kuti chagada chimaphwatalala mutu kumbuyo. Pamenepo ali ndi mfundo. Muzisinthasintha mbali yomwe mutu wayang'ana pomugoneka, ndipo akakhala maso muzimuika chafufumimba kwa mphindi zochepa, kangapo patsiku, munthu wamkulu akumuyang'ana. Ntchito imeneyo ine ndinaipereka kwa apongozi anga. Ankamuika pachifuwa pawo iwo atatsamira, kamwanako kakudzutsa mutu kuwayang'ana, akayamba kusinza n'kundipatsira ndikamugoneke chagada. Tsiku la sikelo ndinapita nawo limodzi, funso la kutsamwalo anafunsa okha kwa anamwino, ine ndili phee pambali.