Gitala yamagetsi yakale: kuisankha ku Joni ndi kuifikitsa ku Harare

Achimwene, mwandifunsa zinthu ziwiri m'funso limodzi. Mwati mwasunga madola 400 a ku America ndipo mukufuna gitala yamagetsi yakale, yoti ikhale yanu yoyamba, yoimbira kutchalitchi ku Highfield, kuno ku Harare, Lamulungu ndi kuphunzirirapo nyimbo za sungura madzulo, komanso mukufuna kumva mmene ife oyenda m'maboda timagwirira ntchito musanapereke ndalama zanu m'manja mwa munthu. Katundu wanga weniweni ndi mabulangete, nsapato ndi zitsulo za galimoto. Magitala ndimanyamula mwa apo ndi apo, wina akaoda, ndipo zimene ndikudziwa ndinaziphunzira kwa mkulu wina wokonza zoimbira ku Mbare, mu Harare momwemuno, zina ndinaziphunzira pa ndalama zimene ndinataya ndekha.

Mtengo wolembedwa pakapepala m'shopu ya ku Johannesburg si mtengo umene gitalayo idzafike nawo pakhomo panu. Ndikakwera basi pa Roadport, siteshoni ya mabasi ya ku Harare, ndimadutsa Masvingo n'kufika pa chipata cha Beitbridge nditayenda makilomita pafupifupi 580, ndipo kuchoka pa Musina, tsidya la South Africa, mpaka pa Park Station ku Johannesburg patsala makilomita ena oposa 500. Ulendo umenewu, popita ndi pobwera, umagawidwa pa katundu yense amene ndanyamula, ndipo gitala imalipira gawo lalikulu chifukwa imadya malo ndiponso siilola kupanikizidwa. Pamwamba pa zimenezi pali msonkho wa pachipata, pali zimene zimatayika posintha madola kukhala marandi, pali phindu langa la thukuta, ndiye pali mmisiri woikonza ikafika, chifukwa sindinaonepo gitala ya zaka 40 yosafuna kukhudzidwa penapake. Choncho pa madola 400 anuwo, ogulira gitala yeniyeniyo asapitirire 250. Munthu amene angakulonjezeni kuti ndalama zonsezo zilowa mu gitala, dziwani kuti kapena sakalipira msonkho, kapena akubweretserani ina yosiyana ndi imene mwagwirizana.

Ndi ndalama zimenezi, mayina awiri amene achinyamata amawalota aiwaleni kaye. Fender anatulutsa Stratocaster mu 1954, Gibson anatulutsa Les Paul mu 1952, ndipo magitala a zaka zimenezo, makamaka a Fender opangidwa kampaniyo isanagulidwe ndi kampani ya CBS mu 1965, lero amagulidwa ndi anthu osunga chuma pa mitengo yogulira nyumba. Ngakhale Musicmaster ndi Mustang, amene Fender anapangira ophunzira, anakwera kalekale. Kumene kudakali mwayi wa munthu wa thumba ngati lathu ndi ku magitala a ku Japan a zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Fakitale ya Matsumoku, imene inatsekedwa mu 1987, inkapanga Aria Pro II, Westone ndi Vantage, ndipo mayina amenewa ogulitsa ambiri sawalemekeza, n'chifukwa chake mitengo yake imakambika. Fakitale ya FujiGen inkapanga Ibanez ndi Greco, ndipo kuyambira mu 1982 inayamba kupangira Fender yemweyo magitala a Squier. A Squier oyambirira, amene nambala yawo imayamba ndi JV, anatulukiridwa kale ndi osunga chuma aja, koma amene anatsatira, a nambala yoyamba ndi E, komanso a ku Korea a kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi zina amapezeka pa mtengo wofikirika. Mudzamvanso ogulitsa akutchula mawu akuti lawsuit, kutanthauza mlandu wa kukhoti, pofuna kukweza mtengo. Mlanduwo unalipodi mu 1977, pamene eni ake a Gibson anasumira kampani yogulitsa Ibanez ku America chifukwa cha kaumbidwe ka mutu wa gitala, koma lero mawuwo amamatidwa pa gitala iliyonse ya ku Japan, yabwino ndi yoipa yomwe.

A Teisco ndi Guyatone a m'ma 1960 ndi okongola powayang'ana, ali ndi mabatani ambirimbiri ndi zitsulo zonyezimira, koma kwa munthu wophunzira sindingawavomereze, chifukwa ambiri makosi awo ndi okhuthala ndipo savomera kuchunidwa bwino. Peavey T-60 ya ku America, imene inayamba kutuluka mu 1978, ndi yolimba kwambiri, koma kulemera kwake mudzakumva paphewa mapemphero asanafike pakati. Ndinenenso poyera kuti Yamaha Pacifica ya m'ma 1990, ngakhale akatswiri saiwerengera m'gulu la magitala akale, ingakutumikireni bwino kuposa ambiri mwa amene ndatchulawa, ngati chimene mukufuna ndi kuimba osati kuonetsa anzanu chaka chake.

Kogula ndimakonda mashopu a pinyolo ndi a katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, monga Cash Crusaders ndi Cash Converters, kusiyana ndi anthu a pa Facebook kapena Gumtree, ngakhale kuti a pa intanetiwo nthawi zambiri amatchipa. Lamulo la ku South Africa limakakamiza mashopu otere kulemba chiphaso cha munthu amene wabweretsa katundu, ndiye mwayi wogula chakuba umachepa, ndipo amapereka risiti. Pa risitipo ndimaumirira kuti alembepo dzina la gitala ndi nambala yake, chifukwa pepala limeneli ndi limene lidzandilankhulire pachipata.

Poyesa gitala ndimakhala pansi osapupuluma, ndipo m'chikwama mwanga simusowa kaampu kakang'ono ka mabatire, chingwe changa ndi mita yoyezera magetsi. Ndimayamba ndi khosi. Ndimaika thupi la gitala pansi, mutu wake pafupi ndi diso langa, n'kuyang'ana kutsetsereka ndi khosilo monga mmene kalipentala amayang'anira thabwa. Kupindika pang'ono ngati uta n'kwabwinobwino ndipo kumakonzeka, koma ngati mbali ina yakwera pamene inzake yatsika, khosilo lapotoka, ndipo gitalayo ndimaibweza pakhoma ngakhale mtengo utsike motani. Kenako ndimapempha chilolezo chotembenuza pang'ono chitsulo cha m'kati mwa khosi, chimene amisiri amachitcha truss rod. Chikakana kuyenda, kapena chikamangozungulira osagwira, kukonza kwake kungapose mtengo wa gitalayo. Wogulitsa akakana kuti ndichikhudze, kukana kwakeko kwandiyankha kale.

Mafureti, tizitsulo topingasa pakhosi paja, ndi amene inu wa sungura muyenera kuwasamala kwambiri. Anthu ambiri amayesa gitala pogwira makodi atatu kumtunda pafupi ndi mutu, akamva kuti ikulira amalipira. Koma lidi ya sungura imakhala kumunsi, kuyambira fureti ya 12 kupita kuthupi, ndipo zala zimathamanga pansambo zowonda, kumene fureti imodzi yodyeka kapena yotukuka imapha mawu nthawi yomweyo. Choncho ndimaliza nsambo iliyonse pa fureti iliyonse mpaka kumapeto, ngakhale anyamata a m'shopu ayambe kuyang'anana. Ndimayerekezanso mawu a nsambo yosagwira ndi mawu ake pa fureti ya 12, ndipo akasiyana ndimaona ngati timabawuti ta pabuliji, chitsulo chimene nsambo zimatsamira pathupi la gitala, tikuyenda kapena tinauma ndi dzimbiri. Dzimbiri lambiri limasonyeza kuti gitalayo inakhalapo kugombe, ku Durban kapena ku Cape Town, ndipo yoteroyo ikafika kuno kumtunda kouma thabwa la khosi limafota, nsonga za mafureti n'kuyamba kukala zala. Imene yakhala zaka zake ku Johannesburg siivutika, popeza mzindawo uli pamtunda wouma mofanana ndi Harare.

Za magetsi sizindiopsa kwenikweni. Batani lolira phokoso polizungulitsa kapena pobayira chingwe pogwedera ndi ntchito ya madola ochepa ku Mbare. Chofunika ndi chakuti pickup iliyonse, kachipangizo kotola mawu a nsambo, ikhale yamoyo: ndimaigogoda pang'ono ndi kiyi n'kumvetsera pa ampu, ndipo ndikayeza pa mita, pickup ya single coil, ya koyilo imodzi, imaonetsa ma ohm pafupifupi 6,000, ya humbucker, ya makoyilo awiri, pafupifupi 8,000. Kwa inu ndingasankhe ya single coil, ya maonekedwe a Stratocaster, chifukwa mawu ake owala ndi oduka msanga ndiwo amamveka bwino pamwamba pa besi ndi ng'oma.

Ndisabise, ndinapusitsidwapo. Munthu wina anandigulitsa gitala yolembedwa Fender pamutu, m'malo oimikapo magalimoto, dzuwa litapendeka, ndipo ine ndinaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Nditafika nayo kwa mkulu wa ku Mbare uja, anamasula chivundikiro cha kumbuyo osanena kanthu, n'kundilozera m'mphepete mwa bowo mmene munali mizeremizere ya pulayiwudi, kenako anakanda dzinalo ndi chikhadabo ndipo ngodya yake inatukuka, popeza inali sitika yomata pamwamba pa utoto. Amene anaoda anaikana, ndipo anali ndi chifukwa. Kuyambira pamenepo gitala ya dzina lonyozeka yonena zoona ndimaikhulupirira kuposa ya dzina lalikulu yotchipa modabwitsa.

Pa kanyamulidwe mpamene mtundu wa khosi umalowa m'nkhani ya malonda. Gitala ya khosi lomangidwa ndi mabawuti anayi ndimaimasula nsambo, kuchotsa khosilo, kulikulunga m'bulangete, thupi n'kuliika pakati pa zovala m'sutukesi, ndipo imafika bwinobwino. Ya khosi lomatidwa ndi guluu, ya maonekedwe a Les Paul kapena SG, siimasulika, ndipo mutu wake wopendekera kumbuyo ndi wosalimba. Ulendo wina kondakitala anakana kuti ndikwere nayo yotere m'basi, inalowa kunsi pamodzi ndi katundu, ndipo pa Beitbridge katundu yense atatsitsidwa kuti aonedwe n'kupakiridwanso mumdima, wina anaisanjikira katoni ya mafuta ophikira. Ndinaitsegula pa Roadport m'mawa mutu uli lende, wangogwira ndi nsambo. Mmisiri anaumata, koma phindu la ulendo wonsewo linathera pamenepo. Omalayitsha, anthu onyamulira ena katundu kudutsa boda, amanyamula motchipa, ndipo mabulangete ndimawapatsa ndithu, koma gitala ndimayenda nayo ndekha.

Pachipata gitalayo ndimailembetsa kwa a ZIMRA, otolera msonkho a ku Zimbabwe, pamodzi ndi risiti yake, ndipo msonkho umawerengedwa pa mtengo umene ofesala wavomereza. Akaona kuti mtengo wa parisiti ndi wotsika mokayikitsa ali ndi mphamvu yoika wake, ndipo apa mpamene dzina lalikulu pamutu limakulipiritsani kachiwiri. Mwina munamvapo za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, imene anzathu a njira ya Nyamapanda ndi Mwanza amagwiritsa ntchito. Imeneyo ndi ya katundu wolimidwa kapena kupangidwa m'mayiko a bungwelo, ndipo gitala ya ku Japan yogulidwa ku South Africa, dziko limene silili mu COMESA, siikhudzidwa nayo. Palinso nkhani ya mtengo wa rosewood umene umakhala pankhope pa makosi ambiri. Mu 2017 pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zoopsezedwa kutha, linaika malamulo pa mitundu yonse ya mtengowu, koma kumapeto kwa 2019 zoimbira zopangidwa kale zinachotsedwamo, kupatula za rosewood ya ku Brazil, imene inaletsedwa kuyambira mu 1992 ndipo imapezeka makamaka pa magitala akale a ku America amene ndakuuzani kuti muwaiwale aja. Mukadzafuna ampu, onani kumbuyo kwake, chifukwa ya ku America ya mavoti 120 kapena ya ku Japan ya 100 imapsa mukangoibaya pa magetsi athu a 220.

Kagwirizanidwe kathu ndi aka. Mumapereka theka la ndalama ndisananyamuke, ndipo timalemberana pa WhatsApp mitundu itatu imene mungailandire ndi malire a mtengo. Ndikaipeza ndimakutumizirani kanema ndikuliza fureti iliyonse, chithunzi cha nambala ndi cha m'kati mwa chivundikiro, ndipo sindilipira musanavomere. Ndikapanda kupeza yoyenera, ndalama zanu zimabwerera zonse, ndipo musadabwe ngati patapita maulendo awiri kapena atatu, chifukwa katundu wa pinyolo sachita kuitanitsa kufakitale. Ikafika musathamangire nayo kutchalitchi Lamulungu loyambalo. Isiyeni m'nyumba milungu iwiri kuti thabwa lizolowere mphepo ya kuno, kenako tidzapite nayo limodzi ku Mbare mutanyamula nsambo zatsopano zowonda, za saizi yoyambira pa 9, kuti mkulu uja akatsitse buliji molingana ndi zala zanu.