Kodi msilikali wa diso limodzi uja anakhwima?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga tsamba lino. Akuti anaona pa Facebook chithunzi cha mzungu wovala yunifolomu, diso lakumanzere lophimbidwa ndi kansalu kakuda, mkono wa jekete uli lende popanda dzanja. Pansi pake panalembedwa kuti zipolopolo zinamulephera. Funso lawo linali lakuti: "Kodi munthu ameneyu analikodi? Ngati analiko, si wokhwima ameneyu?"

Analikodi, bambo. Dzina lake ndi Adrian Carton de Wiart, wobadwira ku Brussels m'dziko la Belgium pa 5 Meyi 1880. Koma za kukhwimazo ayi. Timati wokhwima chipolopolo sichimulowa, chimasanduka madzi. Uyu chinkamulowa ndithu, ndipo nthawi zina chinkachoka ndi kachiwalo.

Mu 1899 anathawa maphunziro ku Oxford n'kukalembetsa usilikali wapakavalo pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ku South Africa. Ananama dzina, n'kunamanso zaka, poti sanali nzika ya Britain komanso bambo ake sankadziwa. Sipanapite nthawi, anamuwombera pamimba ndi m'chinena, n'kumubweza kwawo. Atachira anabwereranso, ndipo mu 1901 anakhala ofesala m'gulu la apakavalo la 4th Dragoon Guards.

Diso linapita mu Novembala 1914 ku Somaliland, komwe ankayenda pa ngamila, polimbana ndi ankhondo a Mohammed Abdullah Hassan, mtsogoleri wa Asomali okana ulamuliro wa Angerezi. Akuthira nkhondo linga la Shimber Berris anamuwombera kumaso kawiri, diso lakumanzere linawonongeka, khutu linabenthuka. Dziko limenelo si lachilendo kwa ife: asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera ku Nyasaland analimbana ndi Hassan yemweyo, ndipo ambiri anathera pa Gumburu mu 1903. Mayina awo sakuyenda pa Facebook, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Atabwerera ku London anamuika diso lagalasi. Linkamusowetsa mtendere, analiponya pawindo la takisi, n'kuyamba kuvala kansalu kakuda kamene munakaona kaja.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna muonetsetse. Munthuyu anaphunzira nkhondo ya pamsana pa kavalo, ya lupanga ndi liwiro. Pofika ku Ypres m'dziko la Belgium mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anapeza kuti nkhondo yotere inatha. Kutsogolo kunali waya waminga, matope ndi mfuti zolavula zipolopolo ngati matalala, moti kavalo sakanapita patali. Apakavalo anatsika, akavalo n'kutsala kumbuyo, eni ake n'kulowa m'maenje ngati wina aliyense. Kumeneko dzanja lake lamanzere linaphwanyika, zala ziwiri zikungolendewera ndi kakhungu. Dokotala atakana kuzidula, anazithothola yekha. Chaka chomwecho dzanja lonse linadulidwa.

Wina akanati basi, ndagwirapo yanga. Iye anawakakamiza akuluakulu mpaka anamubwezera kunkhondo, ulendo uno kukatsogolera asilikali oyenda pansi a 8th Gloucestershire. Pa 2 ndi 3 Julayi 1916, pamudzi wa La Boisselle ku Somme m'dziko la France, atsogoleri atatu a magulu oyandikana naye anaphedwa kapena kuvulazidwa, iye n'kutenga magulu onsewo kuwagwirizira pamodzi mizinga ikugwa. Asilikali ake ankamuona akusolola pini ya bomba ndi mano, n'kuponya ndi dzanja lotsalalo. Anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba koposa ku Britain. Nkhondoyo isanathe anamulasanso m'mutu, pakakolo, m'chiuno, mwendo ndi khutu.

Nanga anapulumuka bwanji? Mwayi unalipo, sitingakane, chifukwa chipolopolo cha m'mutucho chikanangopatuka pang'ono, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Komanso tisaiwale kuti anali ofesala wochokera kubanja lolemera. Akavulala ankanyamulidwa msanga n'kukagonekedwa kuchipatala chabwino cha ku Park Lane ku London, komwe anafika pozolowerana nawo. Anyamata ambiri ovulala ngati iye ankafera m'matope wowanyamula asanafike.

Zotsatira ndingozidutsa mwachangu. Anakhala zaka zambiri ku Poland, akusaka abakha m'madambo a Pripet. Mu 1940, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anatsogolera asilikali ku Namsos m'dziko la Norway. Mu Epulo 1941 ndege yomwe anakwera inagwera m'nyanja kufupi ndi Libya, anasambira mpaka kumtunda ndi dzanja limodzi, Ataliyana n'kumugwira. Ali ndi zaka zoposa 60 anathandiza kukumba njira yapansi pa ndende ya Vincigliata ku Italy, anathawa, n'kugwidwanso patatha masiku 8. Kenako Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain pa nthawiyo, anamutuma kukamuimira kwa Chiang Kai-shek, mtsogoleri wa China.

Chomwe chimandivuta pa iye ndi mawu omwe analemba m'buku la mbiri yake la 1950, akuti kunena zoona nkhondo yoyamba ija anasangalala nayo. Kulimba mtima kwake ndimakulemekeza, koma mawu amenewo sindingawayamikire ndikaganiza za amayi omwe ana awo sanabwerere kuchokera ku La Boisselle. M'buku lomwelo za mendulo yake ija sanatchulemo n'komwe.

Anamwalira pa 5 Juni 1963 kunyumba kwake ku County Cork, ku Ireland, ali ndi zaka 83. Masiku ake omaliza ankawathera kumtsinje, kuwedza nsomba ndi dzanja lamanja lija.