Za filiji yodya mayuniti ija asisi

Asisi mwafunsa ngati kabokosi kaja akugulitsa mtauni kolembedwa power saver kangachepetse mayuniti omwe filiji yanu yakale ikudya, komanso mutani kuti ndiwo zisamaonongeke magetsi akathima tsiku lonse. Kabokosiko musagule chonde. Ine ndinakagula nditangosamukira ku Mufakose, mwezi wathunthu kali pasoketi kanyali kake kakuyaka koma mita kumangothamanga chimodzimodzi. Mita imawerenga zomwe zipangizo zadyadi basi.

Ndalamayo isungeni mudzaonjezere pogula filiji ina, ndipo pogulapo muzasuzumire kumbuyo pakastika kaja muone gasi yomwe ili mkati. Funani yolembedwa R600a. Mafiliji akalekale anali ndi R12 yomwe maiko anagwirizana kuisiya ku Montreal mu 1987 poti imaboola ozoni, mpweya wa kumwamba uja umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa, kenako kunabwera R134a koma nayo ikathawa imaonjezera kutentha kwa dziko. R600a ilibe mavuto amenewo ndipo siidya magetsi ambiri, kungoti imayaka moto, ndiye zokolopola ayezi ndi mpeni zija muiwaliretu, mungaboole paipi gasiyo nkutuluka. Thumba likalola tengani ya inverter, kompulesa yake imayamba pang'onopang'ono osati modzidzimuka, olo kasola kakang'ono kamaikwanitsa.

Koma kwa ife kuno ku Harare ine ndimati fuliza yotsekula pamwamba ndiye deal. Mpweya wozizira umatsika pansi, ndiye mukatsekula sutayika ngati mmene zimakhalira ndi ya chitseko cha kutsogolo. Mu 2019 madzi atachepa ku damu la Kariba lopangira magetsi lija tinkakhala mpaka maola 18 opanda magetsi, ine sindinatayeko nyama olo kamodzi chifukwa mpata uliwonse ndinkadzadza mabotolo a madzi, aziuma usiku magetsi akabwera. Fuliza yodzadza osaitsekula imasunga pafupifupi masiku awiri, filiji wamba maola 4 okha. Mabotolo awiri ouma muzisamutsira mufiliji mmamawa, ndipo ana muwauze asamangotsekulatsekula.

Pakadali pano yakaleyo, tsekerani pepala pachitseko mulikoke, likangosololoka ndiye kuti labala ya pachitseko yatha ndipo mayuniti anu akuthera pamenepo. Muisunthe kukhoma pang'ono, italikirane ndi sitovu. Kogula ndi ka fridge guard, kamene kamadikira mphindi zingapo magetsi akabwera kenako nkuyatsa filiji, kompulesa yanga yoyamba inapsa ndilibe kameneka ndipo zinandiwawa kwambiri.

Komanso musangoida filiji yokha, giza yotenthetsera madzi osamba ija imadya mawati 2000 mpaka 3000, muziiyatsa ola limodzi basi. Mababu ikani a LED, la mawati 9 limawala ngati la 60 lakale lija. Paja token ya ZESA, kampani yathu ya magetsi ija, mayuniti oyambirira pamwezi ndi otchipa, mukamagula ambiri mtengo umakwera, ndiye mukachepetsa mumapindula kawiri.

Tomato ndi masamba a ku Mbare Musika ine sindiika nkomwe mufiliji. Ndimaika mumphika wadothi waung'ono umene uli mkati mwa waukulu, pakati mchenga wonyowa, pamwamba chiguduli chonyowa, pamthunzi podutsa mphepo. Madzi akamauma mkatimo mumazizira, ngati mtsuko wa agogo kumudzi uja. Mu Okutobala muno zimagwira bwino zedi, nthawi ya mvula osati kwenikweni, ndipo nyama ndi mkaka musayerekeze kuikamo. Mchengawo muzithira madzi mmawa ndi madzulo.