Yankho kwa azakhali pa nkhani ya mkhalapakati

Azakhali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu uja ndaumva. Mukufunsa kuti mukakavomera pamaso pa mkhalapakati kuti ndalama zina munatengadi, ndiye zokambirana n'kukanika, kodi anzanu mukukangana nawo aja sakatulutsa mawu anuwo kukhoti?

Nthawi zambiri sizitheka. M'mayiko ambiri, zomwe munthu wayankhula pofuna kuti nkhani ithe, kaya kuvomera, kaya kupepesa, kaya kunena kuti "ndikubwezerani theka tithane", woweruza sazilandira ngati umboni. Mkhalapakatinso sangangoitanidwa kuti akachitire umboni mbali imodzi. Nthambi ya United Nations yotchedwa UNCITRAL inaziika zimenezi m'lamulo lachitsanzo la 2002, mayiko ena n'kutengerapo. Amatero kuti anthu amasuke, chifukwa aliyense akamaopa pakamwa pake, simungagwirizane kanthu.

Koma apa ndiye mumvetsetse, azakhali. Chotetezedwa ndi mawu a m'chipindamo, osati zinachitikazo. Risiti, mameseji, mapepala a kubanki amene analipo kale, sasanduka chinsinsi chifukwa choti mwawaonetsa kumeneko. Khoti likawafuna liwaona ndithu. Komanso munthu akamva, wamva basi. Mukangotchula kuti ndalama zinadutsira ku akaunti yakutiyakuti, iwo sangakanene kuti "anavomera okha", koma akhoza kukafufuza mwa njira ina n'kupeza umboni wawo. Apa m'pomwe ine ndimaopa kwambiri. Ndiye chimene chikukukayikitsani, kamuuzeni mkhalapakati muli awiri, mumuuze momveka kuti asakachifikitse kwa enawo. Popanda chilolezo chanu sayenera kuchinena.

Zina ndiye sizibisika. Wina akaopseza kuti avulaza mnzake, pakamveka za mwana amene akuzunzidwa, kapena pakhale chinyengo pa mgwirizano womwewo, malamulo ambiri amalola kuti ziululike.

Ee, china. Mukagwirizana n'kusaina, pepalalo limamanga. Wina akaliphwanya, lipita kukhoti woweruza akaliwerenge. Musasaine chifukwa chotopa.

Malamulowa amasiyana dziko ndi dziko, ndiye musanayambe, pemphani pangano la chinsinsi lolembedwa, onse asaine, ngakhale wongokuperekezani. Ngati muli ndi loya, aliwerenge kaye.

Ndipo pepani amalume ndi nonse muli pa gulu pano, azakhali akakabwerako musawapanikize kuti afotokoze zonse. Chinsinsicho chikuwamanga iwonso. Zomwe angalembe pano pa WhatsApp zilibe chitetezo chija, wina akhoza kungojambula n'kutumiza.