N'chifukwa chiyani Gretchen anakana kuthawa m'ndende?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amakumana ndi anzake Loweruka lililonse kuwerenga mabuku. Angomaliza gawo loyamba la Faust, sewero la mu 1808 la Johann Wolfgang von Goethe, wolemba wa ku Germany, ndipo akuti anabalalika asanamvane. Chowagawa ndi mapeto ake, pamene Gretchen, mtsikana amene Faust anamupatsa mimba, ali m'ndende kudikira kuphedwa chifukwa chopha khanda lake. Funso lawo ndi ili: "Faust anafika m'ndende makiyi ali m'manja, mahatchi akudikira panja. Nanga mtsikanayo sanathawe bwanji? Anzanga ena akuti anali atapenga basi, ena akuti mlandu wonse ndi wa Satana. Inu mukuona bwanji?"

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi aja akuti mlandu ndi wa Satana, chifukwa amenewo ndi amene sindikugwirizana nawo kwambiri.

Bwererani pamene Faust akumuona Gretchen koyamba mumsewu, akuchokera kutchalitchi kokalapa. Mephistopheles, mdierekezi amene akuyenda ndi Faust, akunena yekha kuti alibe mphamvu pa mwana ameneyu, poti ndi wosalakwa. Amene akukakamira ndi Faust, mpaka kunena kuti mtsikanayo wadutsa kale zaka 14. Munthu wamkulu, dokotala wa maphunziro, amene mfiti yangomubwezera unyamata ndi chakumwa, akuwerengera zaka za mwana. Inde, mdierekezi ndiye akupeza kabokosi ka ndolo ndi mikanda. Koma botolo la mankhwala ogonetsa likuchokera m'manja mwa Faust, ndipo ndi iye akumuuza Gretchen kuti madontho atatu okha m'chakumwa cha amayi ake sangawapweteke. Amayiwo sanadzukenso. Lupanga limene linabaya Valentin, msilikali uja, mchimwene wake wa Gretchen, analigwira ndi Faust. Ndipo pamene mtsikanayo ali yekha ndi mimba, Faust ali paphiri la Brocken kuvina ndi mfiti. Atamva kuti Gretchen ali m'ndende akumukalipira Mephistopheles, ndipo uyo akungomufunsa kuti kodi anamugwetsa mtsikanayu ndani, ine kapena iwe? Faust alibe choyankha. Mdierekezi m'seweroli amatsegula zitseko, koma wolowa ndi munthu.

Tsopano za misala. Anzanuwo sanalakwitse kotheratu. Faust akumupeza akuimba nyimbo yosokonekera, ndipo poyamba Gretchen akumuyesa Faust wodula mitu amene wabwera msanga. Koma werenganinso mokweza gawo limeneli, mumvetsere zimene akunena. Akuti ndinapha amayi anga, mwana wanga ndinamumiza m'madzi. Akugwira dzanja la Faust n'kumva kuti lanyowa, akuti lili ndi magazi. Akumupsompsona n'kupeza milomo ili zii. Kenako akumupatsa malangizo a manda: amayi pamalo abwino koposa, mchimwene pambali pawo, iye chapatali pang'ono, kamwanako pabere lake lakumanja. Nthawi iliyonse ndikafika pamenepa ndimayamba ndatseka bukulo kaye. Amenewa si mawu a munthu wosadziwa chimene chachitika. M'sewero lonseli ndi iye yekha amene watchula dzina la tchimo lake osaloza chala munthu wina.

Ndipo akanathawira kuti? Iye mwini akunena kuti adzamugwirabe, ndi kuti kupemphapempha kudziko lachilendo chikumbumtima chikukuluma ndi moyo womvetsa chisoni. Kwawo kulibe wotsala. Kumbukirani zapachitsime zija, pamene Lieschen, mtsikana mnzake, akumunena mnzawo amene watenga mimba, akuti akadzakwatiwa anyamata adzamuvula nkhata yamaluwa kumutu. Gretchen akumvetsera, mtsuko uli m'manja, akudziwa kuti mawa adzakhala iye pakamwa pa anthu. Ngakhale Valentin akutsirizika pamsewu akumutcha hule anthu onse akumva. Mudzi unamuweruza kalekale khoti lisanakhale. Choncho pamene mutu wa Mephistopheles ukusuzumira pakhomo la ndende, Gretchen akuona bwino lomwe kuti chitseko chotsegukacho chikupita kwa yani. Akusankha kudzipereka kuchiweruzo cha Mulungu, ndipo akumuuza Faust kuti akumuopa.

Pali china chimene ndikufuna mukawauze anzanu. Gretchen sanangochokera m'mutu mwa wolemba. Pa 14 Januwale 1772, mumzinda wa Frankfurt, anadula mutu Susanna Margaretha Brandt, wantchito wa panyumba ya alendo amene anapha khanda lake. Goethe anali mumzindawo nthawi imeneyo, loya wazaka 22, ndipo mlanduwo ankaudziwa. Mwamuna amene anamupatsa mimba mtsikanayo anali wapaulendo, anapitiriza ulendo wake. Chimene chimandiwawa ndi chakuti mu 1783, Goethe yemweyo ali nduna ku Weimar, anafunsidwa maganizo pa nthawi ya mlandu wa Johanna Höhn, nayenso wopha khanda, ndipo anavomereza kuti chilango cha imfa chisachotsedwe. Mayiyo anaphedwa chaka chomwecho. Munthu amene anamulembera Gretchen mawu achisoni chotere, atakhala pampando anaima mbali ya lamulo. Sindikumuikira kumbuyo pa zimenezo, ndipo ndikuona kuti gulu lanu liyenera kuzidziwa powerenga.

Pomaliza pa seweroli Mephistopheles akuti waweruzidwa, ndipo mawu ochokera kumwamba akuyankha kuti wapulumutsidwa. Ambiri amagwira pamenepa n'kupuma. Koma m'zolemba zoyambirira za Goethe, zimene anthu amazitcha Urfaust, zopezeka mu 1887, mawu akumwambawo mulibe. Anadzawaonjezera pambuyo pake. Ine ndimawakhulupirira mawuwo, chifukwa mtsikanayo wakana kupulumutsidwa ndi dzanja limene linamuononga. Komabe sachotsa kalikonse pa zimene zikumudikira kutacha: belu lidzalira, anthu adzadzaza bwalo, lupanga lidzatsika.

Loweruka likubwerali, musanayambe kukambirana, wina awerenge mawu a Gretchen, wina a Faust, gawo la m'ndende lokhalo. Muwerenge kangati Faust akunena kuti fulumira, tiye, kukucha. Kenako mufufuze ngati pali pamene akufunsa za mwana wake. Amene akumutchula mwanayo mobwerezabwereza, mpaka kumulongosolera njira yopita kudziwe kuti akamuvuule akadali kuphupha, ndi Gretchen. Mudzandilembere zimene anzanu aja adzanene.