Funsani Abusa ndi Anamwino: Tulo tasowa, mtima suli m'malo

FUNSO: Ndine mayi wa ana atatu, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Bambo a kunyumba anapita ku Johannesburg ndipo anasiya kuimba foni. Ndinatenga katapila wa K50,000, mwezi uliwonse amaonjezera theka. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023, mvula ikangoyamba kugunda pa malata mtima umathamanga, tulo osabwera. Mnzanga wa kutchalitchi akuti nkhawa ndi tchimo, ndisale kudya masiku atatu. Kodi Mulungu wanditaya?
Mayi wothodwa, Thyolo

YANKHO: Pepani mayi, mwasenza zolemera. Mulungu sanakutayeni, ndipo nkhawa yanuyo si umboni woti chikhulupiriro chachepa. Amene Yesu akuwaitana pa Mateyu 11:28 ndi olema ndi othodwa, osati amphamvu.

Tsegulani 1 Mafumu 19. Eliya, mneneri wamkulu uja, anathawa Yezebeli, nakhala pansi pa mtengo m'chipululu n'kupempha imfa. Mngelo sanamudzudzule. Anamudzutsa, kumupatsa mkate ndi madzi, Eliya n'kugonanso; kachiwiri chimodzimodzi. Zolankhulana ndi Mulungu zinadza pambuyo pake, ku phiri la Horebu. Mulungu anayamba ndi thupi, inunso yambirani pomwepo.

N'chifukwa chake zosala kudyazo tikuti ziyambe zaima. Munthu wolawirira kumunda, dengu kumsana, m'mimba muli gwa, shuga amatsika m'thupi, manja amanjenjemera, mtima n'kuthamanga kwambiri, ndiye mudzaganiza kuti vuto lakula. Kusala kuli ndi nthawi yake, koma si ino. Tiyi nayenso samalani naye: ali ndi caffeine amene amakhala m'thupi maola ambiri n'kuthamangitsa tulo. Kapu yomaliza ikhale isanakwane 2 koloko masana.

Madzulo kusanade, khalani pansi mphindi 15 ndi kope. Jambulani mzere pakati pa tsamba. Mbali imodzi lembani zomwe mungachitepo kanthu, ndi chinthu chimodzi chokha choti muchite mawa. Mbali inayo lembani zomwe sizili m'manja mwanu, monga mvula ndi foni ya bambo. Zimenezi zitchuleni chimodzichimodzi m'pemphero, mokweza mawu, kenaka muyamike pa zinthu ziwiri za tsikulo, monga akunenera Paulo pa Afilipi 4:6. Mukatero tsekani kope. Ambiri amalakwitsa popemphera atagona kale mumdima: pemphero limasanduka kuwerengetsa ngongole, mpaka tambala kulira.

Mtima ukayamba kuthamanga usiku, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono ndi pakamwa mpaka 6, kwa mphindi 5. Kutulutsa mpweya motalikitsa ndi kumene kumakhazika mtima pansi. Potulutsapo nenani chamumtima mawu a Salimo 121, akuti wokusungani saodzera, sagona. Zikadutsa mphindi 20 tulo osabwera, dzukani, werengani salimo lonselo ndi tochi, mubwerere pamphasa maso akalemera. Mantha a mvulawo ali ndi maziko. Anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe anaona zoopsa. Gwirizanani ndi ana lero za komwe mungathawire madzi atachuluka, kuti mtima udziwe kuti njira ilipo.

Za katapila musazisiye pa pemphero lokha. K50,000 ija ikhala K75,000 mwezi ukatha, K112,500 mwezi wachiwiri ngati simunabweze kanthu. Tengani mkulu wa mpingo kapena anyakwawa, mukapemphe mwini ndalama aimitse chiwongoladzanja, mugwirizane zobweza pa malipiro aliwonse, ndipo mulemberane pamaso pa mboni. Musakongole kwina kuti mutseke kuno. Ndipo wina akakuuzani kuti mugule madzi kapena mafuta odzozedwa kuti ngongole ithe, ndalamayo kagulireni ana ufa.

Uzani amayi awiri okhulupirika a Mvano, a Dorika kapena a kumphakati, oti sangakafalitse pamjigo. Koma kusagona, kusafuna chakudya ndi kulira zikapitirira masabata awiri, pitani kuchipatala, akakuyezeni BP ndi magazi, ndipo muwafotokozere za maganizowo osabisa. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo, achotse m'nyumba mankhwala a mbewu ndi a makoswe, akuperekezeni kuchipatala.

FUNSO: Achimwene anga anapatsidwa mankhwala a matenda okhumudwa. Mneneri wina akuti awataye poti anawapempherera. Titani?
Mlongo wodandaula, Muloza, Mulanje

YANKHO: Asataye. Yesaya atauza mfumu Hezekiya kuti Mulungu amuchiza, analamulanso kuti aike nkhuyu pa chithupsa chake (2 Mafumu 20:7). Mankhwala amenewa amatenga masabata awiri mpaka anayi asanayambe kuonetsa mphamvu, ndipo kawirikawiri amamwedwa miyezi yosachepera 6 munthu atapeza bwino. Kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, kusagona, ndi matenda aja kubwereranso. Ngati akuwavuta m'thupi, abwerere kwa amene anawalembera akawasinthire. Inu mlongo muziwakumbutsa nthawi yomwera, muzipemphera nawo, ndipo tsiku lokaonana ndi adokotala mupite limodzi.